Kumene Wantchito Amakasekera

Bambo anga anagwira ntchito m'nyumba za azungu a pa esiteti ya tiyi ku Mulanje kwa zaka zambiri. Anayamba ndi kutsuka mbale, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kufika poperekera zakudya patebulo atavala jekete yoyera. Ntchito imeneyi sankaikamba. Ukawafunsa ankangoti, "Zinatha zimenezo," n'kutembenuzira nkhani ku mvula kapena ku mbuzi za aneba. Chimene ankabwereza mpaka ife ana tinachiloweza n'chakuti mwana wawo sadzanyamula thileyi pamaso pa munthu mnzake. Tsiku limene ndinalandira kalata yoti ndikayambe kuphunzitsa pa pulayimale, anaigwira ndi manja awiri, ndipo Lamulungu anapita nayo kutchalitchi kukaonetsa anzawo.

Ndinaphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi. Kenako ndinatopa ndi malipiro othera m'njira, ndinapeza mpata wobwera ku Dubai, ndipo ntchito imene ndinaipeza ndi yomwe ija bambo ankadana nayo. Ndine wantchito wa m'nyumba ku Al Warqa. Ndimasita mikanjo yoyera ya abwana, ndimakolopa, ndipo kukabwera alendo ndimawathirira khofi m'majilisi, chipinda chachikulu chimene amuna amachezeramo. Mchemwali wanga, amene amasamala bambo kumudzi, ankadziwa zonsezi. Koma bambo ndinawauza kuti ndikukaphunzitsa Chingerezi ana a Aluya. Ndinanama mosaphethira, pakhonde pawo pomwe, ndipo iwo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Waona? Choko chakukweza ndege."

Nditatha chaka kuno, maso awo anachita ng'ala. Munthu amene ankawerenga chilichonse chimene chadutsa pamaso pake, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa, anayamba kungokhala pakhonde tsiku lonse manja ali pamaondo. Kuimbirana foni kuchokera kuno n'kovuta, choncho timangotumizirana mavoisi. Mchemwali wanga ankawaikira foni pakhutu, iwo n'kumvetsera, kenako ankawadinira kuti ayankhe. Ndipo yankho lawo linkakhala mafunso okhaokha. Ana ndi angati m'kalasi? Amamva? Ahedi ndi munthu wabwino? Ine ndinkapeka. Ndinapeka mwana wanzeru wokhala kutsogolo, ndinapeka wina waulesi wokonda kugona, ndinapekanso ahedi a ndevu. Vuto linali lakuti bambo sankaiwala. Pakatha mwezi ankafunsa kuti waulesi uja wayamba kusintha kapena ayi, ine nditaiwala kale kuti ndinamupanga mnyamata kapena mtsikana.

Bodzali linanditopetsa kuposa ntchito. Ndinkawafuna bambo anga, ndinkafuna kungocheza nawo ngati kale, koma voisi iliyonse ndinkaiyamba mtima uli m'mwamba ngati ndikulowa m'khoti.

Tsiku lina lopuma ndinakwera basi kupita ku Al Mankhool kukagula sopo ndi mafuta odzola. Pakati pa shopu ya mafoni ndi ya telala pali kashopu ka mabuku akale, ka mkulu wina wa ku India amene amawerenga yekha katundu wake ndipo amaoneka wokhumudwa ukagula. Ndinalowamo pothawa dzuwa. Pansi pa mulu wa mabuku a mayeso ndinapeza kabuku ka Chingerezi kopanda chikuto, mapepala ake achikasu, kolembedwa kalekale ku Mangalande. Ndinawerenga tsamba limodzi nditaimirira, ndipo ndinaseka mokweza mpaka mwinishopu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

Nkhani yake inali ya bwana wina wa nyumba yaikulu kumudzi kwa azungu. Msuweni wake wa kutali anabwera kudzacheza masiku awiri, koma anakhala chilimwe chonse. Vuto linali lakuti bwanayo anali munthu waulemu kwambiri moti sakanatha kufunsa mlendo kuti mubwerera liti. Ankangozungulira. Pa chakudya cha m'mawa ankawerenga mokweza nthawi zimene sitima zimanyamuka, mlendo n'kumuthokoza chifukwa chodziwa zinthu zambiri. Ankayamikira mphepo ya m'matauni ena kuti ndi yabwino pa chifuwa, mlendo n'kunena kuti iye chifuwa chake chinagwirizana ndi mphepo ya pompano. Potsiriza bwanayo ananama kuti ali ndi ulendo, poganiza kuti mlendo achita manyazi kutsala yekha. Mlendo anamunyamulira chikwama, anamuperekeza ku siteshoni, anamubayibitsa ndi mpango wa m'thumba, n'kubwerera kunyumba kukagona. Mwininyumba anakhala sabata yathunthu m'kahotela ka nsikidzi, akuopa kubwerera kwawo msanga kuti angaoneke wabodza.

Pobwerera m'basi ndinadziwa chimene ndichite nako kabukuko. Kunyumba kumene ndimagwira ntchito, akadya chamasana onse amagona, ndipo ine ndimakhala ndi ola limodzi langalanga m'kachipinda kositira. Mmenemo, nditakhala pa ndowa yovundikira, ndinayamba kuwafotokozera bambo bukulo m'Chichewa, mutu umodzi pa tsiku. Ndinawauza kuti ndi buku limene ndikuwerenga ndi ana m'kalasi. Limenelo linali bodza lomaliza limene ndinafunika kupeka, chifukwa kuyambira pamenepo anasiya kufunsa za ahedi.

Yankho loyamba linali kuseka kokhakokha. Mphindi yathunthu bambo akuseka, kutsokomola, kusekanso, mchemwali wanga akumveka chapatali akuti, "Mutsamwa inu!" Ndinali ndisanamve kuseka kumeneko chichokereni kumudzi. Ndinaimvera voisiyo kanayi, simbi ikuzizira.

"Ameneyo si mzungu," anatero tsiku lotsatira. "Ameneyo ndi amalume ako. Anabwera pa maliro a agogo ako, anachoka titakolola. Ine ndi amayi ako tinkakangana monong'ona kuseri kwa nkhokwe kuti awauze ndani. Tsiku limene ananyamuka okha, ine ndemwe ndinawagwira mkono n'kumati, mwafulumiratu, khalaniko pang'ono. Ndipo anakhaladi sabata ina."

Ndinapitanso ku kashopu kaja kangapo, ndipo ndinapeza mabuku ena a mtundu womwewo. Munali abusa oopa amayi a m'mpingo mwawo, azakhali olamula banja lonse ali chigonere pa mpando, anyamata olemera opanda nzeru ofunsira mtsikana wolakwika chifukwa chochita manyazi kunena kuti alakwitsa khomo. Chimene chinkandisangalatsa n'chakuti anthu a m'mabuku amenewa sakalipa. Munthu akapsa mtima kwambiri m'pamene amawonjezera ulemu. Denga likudontha pamutu pake, iye amati nyengo yasinthako pang'ono. Akafuna kunena kuti mnzake ndi chitsiru amati ndi munthu wa maganizo akeake. Bambo anali ndi dzina la khalidwe limeneli. Ankati ndi kutukwana utavala tayi.

Koma chimene ankakonda kwambiri sichinali mawuwo. Ankakonda kuti munthu aliyense m'mabukumo ali ndi kanthu kamodzi kamene akuteteza, ndipo kanthuko n'kamene kamamugwetsa. Wina sakufuna kuoneka wosauka, wina sakufuna kuoneka wamantha, wina wosadziwa vinyo. "Munthu amalolera kugona ndi njala kusiyana n'kuti anthu adziwe kuti ali ndi njala," anatero tsiku lina. Ine ndinavomera pa voisi kuti n'zoona bambo, anthu ndife oseketsa. Ndinavomera nditavala yunifomu ya wantchito, kabuku kali pa thabwa lositira, osaona n'komwe kuti akunena za ine.

Dalaivala wa panyumbapo ndi mkulu wa ku Zambia, wa pakamwa posatseka, wosakaniza Chinyanja cha kwawo, Chingerezi ndi mawu a Aluya. Tsiku lina anandipeza ndikujambula voisi, ndikuyesa mawu a mayi wachizungu wokwiya. Anaima pakhomo mpaka ndinamaliza.

"Ba teacher, manje mwayamba drama?" anatero. "Ni ba tata futi? Iwe habibi, uzabauza liti? Ine ba mai banga baziba ati nine driver, khalas, nigona bwino. Iwe uli na ma job yabili, ya ma cup na ya boza. Yamene ya boza sibakulipira na overtime."

Ndinamuuza kuti asamale za matayala ake. Anaseka, n'kunena kuti yalla, ndapita, madamu akufuna galimoto. Ndinakwiya naye masiku awiri chifukwa sananame.

Kulakwa kwanga kunabwera Lachisanu lina. Abwana anabwera ndi alendo pochokera ku mzikiti, ndipo ine ndinaima m'majilisi ndi ketulo ya khofi kudzanja lamanzere, tikapu kudzanja lamanja. Mwambo wake ndi wakuti umathira pang'ono, mlendo amamwa n'kukubwezera kapu, iwe n'kuthiranso. Akakhuta amagwedeza kapuyo, ndipo pamenepo m'pamene umapita kwa wina. Asanagwedeze suchoka pamaso pake. Tsiku limenelo panali mkulu wina wolemekezeka kwambiri, amalume awo a abwana. Analandira kapu, anamwa, anayamba kutsutsa mnzake pa nkhani ya ngamila, ndipo ali pakati pa chiganizo anagona. Kapu ili m'manja, sanaigwedeze, sanaibweze.

Palibe amene akanamudzutsa. Abwana anatsitsa mawu, alendo onse anatsitsa mawu, nkhani ya ngamila inapitirira monong'ona. Ine ndinangoima pamaso pa munthu wochita mkonono, ketulo ikulemera, alendo ena akuyang'ana khofi wanga ndi maso a njala koma osayerekeza kundiitana. Patapita nthawi ndithu mkuluyo anatsegula maso n'kunena mwamphamvu kuti, "N'zimene ndikunenazo!" Onse anavomera kuti wanena zoona. Kenako anagwedeza kapu.

Ndinaluma tsaya m'kati mpaka ndinamva magazi. Ndinayang'ana mbale ya tende, zipatso za kanjedza zimene amamwera khofi, chifukwa ukayang'ana nkhope ya munthu aliyense nthawi ngati imeneyo watha. Ndinamaliza kuthirira onse, ndinatola thileyi yopanda kanthu kuti ndikhale ndi chifukwa chotulukira, ndinayenda osathamanga mpaka kukhitchini, ndinatsegula mpopi mwamphamvu, ndipo ndinaseka nditagwira sinki mpaka misozi.

Masana omwewo ndinakhala pa ndowa yanga n'kutsegula kabuku ka mlendo uja, kamene bambo anapempha kuti tikabwereze. Tinali pa mutu umene mwininyumba walimba mtima kuti lero anena. Wavala bwino, wamwa kavinyo, watsokomola, wayamba kuti, "Msuweni, pali kanthu." Mlendo n'kumudula kuti nayenso ali ndi kanthu: waona kuti mwininyumbayo akusungulumwa, ndiye waitana amayi ake kuti adzakhale nawo. M'bukumo, pambuyo pa mawu amenewo pali mzere umodzi wokha wonena kuti wantchito anachotsa mbale.

Ine sindinaime pa mzere umodziwo. Kuseka kwa m'majilisi kunali kudakali m'mimba mwanga, ndipo pakamwa panangoyenda pokha. Ndinawauza bambo kuti wantchitoyo analuma tsaya. Ndinati anayang'ana kabotolo ka mchere kuti asaone nkhope ya bwana wake. Ndinati anachotsa mbale kuyambira kwa mlendo, mosafulumira, chifukwa mbale zikagundana bwana amadziwa kuti manja akunjenjemera. Ndinati anatsegula chitseko ndi phewa, anafika kukhitchini, anatsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu, n'kuseka. Ndinafotokoza bwino kwambiri, ndipo potumiza ndinkadziona ngati katswiri.

Tsiku limenelo yankho silinabwere. Mawa lake silinabwerenso. Ndinalembera mchemwali wanga kufunsa ngati bambo akudwala.

"Ali bwino achimwene," anayankha. "Koma voisi ija andiuza kuti ndiwaikire katatu. Sanaseke. Angokhala chete. Mwawauza chiyani?"

Ndinaimveranso ndekha, ndipo ndili pakati ndinazindikira chimene ndinachita. Bambo mabuku amenewa ankawadziwa. Anandiuzapo kuti Chingerezi chawo anachinolera pa mabuku otere, amene azungu ankawasiya pa mipando ya pakhonde, iwo n'kumawerenga mobisa akamapukuta fumbi. Ankadziwa bwino lomwe kuti olemba mabuku amenewa amakhala pa tebulo, ndipo chitseko cha kukhitchini chikatsekeka iwo amatsala mbali ya alendo. Za mpopi olembawo sakanazidziwa. Ndinali nditadziulula ndekha, popanda wondifunsa.

Masiku anayi amenewo ndinagwira ntchito ngati munthu wobwereka thupi. Ndinapsereza kolala ya mkanjo, chinthu chimene sindinachitepo. Ndinayamba kujambula voisi yopepesa kasanu, kasanu konse n'kufufuta. Ndikanati chiyani? Kuti zaka zonse zimene anaima kumbuyo kwa mipando ya anthu kuti ine ndiime kutsogolo kwa kalasi zinapita pachabe? Ndinkaopa kuti akwiya, koma chimene ndinkaopa kwambiri n'chakuti sakwiya, angosiya kulankhula nane za mabuku, tibwerere ku moni ndi za mvula. Ndinkalakalaka nditakhala pakhonde paja, ngakhale anditukwane, bola ndione nkhope yawo. Kuno ungathe kugula chilichonse, koma sungaone nkhope ya bambo ako pamene akhala chete.

Lachiwiri masana foni inalira. Voisi inali ya mphindi zinayi. Ndinatseka chitseko cha kachipinda kositira, ndinazimitsa simbi, ndinakhala pansi penipeni.

Poyamba kunkangomveka nkhuku ndi kupuma kwawo. Kenako anayamba, mawu ali pansi.

"Kwa mzungu wachiwiri amene ndinamugwirira ntchito kunabwera mlendo wofuna kugula tiyi. Munthu wamkulu, wonenepa, wodziwa zonse. Adona anaphika okha pudini tsiku limenelo, kufuna kuonetsa luso, ndipo m'malo mwa shuga anathira mchere. Ine ndinadziwa, khukhi anadziwa, koma ukanawauza ndiwe ndani? Ndinaperekera. Mlendo anadya supuni yoyamba, maso anatuluka. Anameza. Anati sanadyepo pudini yotere chibadwire. Adona anasangalala, anandikodola kuti ndimuwonjezere. Ndinamuwonjezera. Bwana anadya yake yonse akuyang'ana khoma. Anthu asanu ndi mmodzi anamaliza mbale zawo, aliyense akuyamikira, ndipo adona sanadziwe kanthu chifukwa iwo okha sankadya zotsekemera."

Apa anaseka pang'ono, ine ndinasekanso, ngakhale m'maso munali mutadzaza kale. Kupatula za mabuku zija, chibadwire changa ndinali ndisanamvepo nkhani ngakhale imodzi ya m'nyumba zimenezo kuchokera pakamwa pawo.

"Kunyumba imeneyo mpopi unali panja," anapitiriza. "Ndiye ine ndinkakasekera m'kachipinda ka malasha. Zaka zonse zija, nthabwala zonse za azungu ndinazimva nditaimirira, ndipo sindinasekepo ngakhale kamodzi m'chipinda chimene zinanenedwa. Ndinkati mwana wanga adzaseka atakhala pansi."

Ndinayang'ana foni kuona ngati voisi yatha. Inali isanathe.

"Wolemba buku uja sanalowepo kukhitchini. Iwe unalowamo. Sindikufunsa kuti unayamba liti, ndipo mlongo wako usamukalipire, sananene kanthu. Chandipweteka, sindikubisira. Ndagona nacho masiku anayi. Koma chandipweteka kwambiri n'chakuti wakhala ukuima wekha kumeneko, ine ndili pano ndi zonse zimene ndikudziwa, osakuuzako ngakhale chimodzi."

Anatsokomola, ndipo mawu awo anasintha, anakhala a munthu amene akulangiza mnzake wa pantchito.

"Tsono tamvera. Zoluma tsayazo usiye. Udzachita zilonda m'kamwa, ndipo munthu wochenjera amaona chibwano chikugwedera. Uzipinda chala chachikulu cha kuphazi m'kati mwa nsapato, uzichikanikiza pansi mwamphamvu mpaka chipweteke. Nkhope imakhala yosalala, palibe amene amaona. Anandiphunzitsa ndi mkulu amene ndinamupeza pantchito, ndipo sindinaganize kuti ndidzaphunzitsa munthu. Wamva? Chala chakumanja. Chakumanzere umaimira."

Kenako kunamveka mawu a mchemwali wanga akunong'ona kuti, "Mwamaliza?" Bambo anati, "Ndamaliza," ndipo voisi inathera pomwepo.

Sindinathe kuyankha nthawi yomweyo, chifukwa belu la kuchipata linalira. Abwana anali ndi alendo a madzulo, anthu atatu a zamalonda. Ndinasamba kumaso, ndinavala yunifomu yoyera, ndinanyamula ketulo ndi tikapu n'kulowa m'majilisi. Panalibe choseketsa chilichonse tsiku limenelo, ankangokamba za mitengo ya simenti. Ndinathirira woyamba, ndinathirira wachiwiri. Nditaima pamaso pa wachitatu, mkulu wa imvi amene ankagwira kapu ndi manja awiri, mawu a bambo anandibwerera onse nthawi imodzi, ndipo ndinadziwa kuti ndilira pamaso pa alendo.

Ndinapinda chala chakumanja m'nsapato, ndinachikanikiza pansi mpaka chinapweteka. Mkuluyo anamwa, anagwedeza kapu, anati shukran, zikomo wa kuno, osandiyang'ana. Palibe amene anaona kanthu.